Foni ya Amayi Anga

Kwathu kumudzi foni inalipo imodzi yokha, ndipo inkakhala m'thumba mwa abambo. Achemwali anga akatumiza ndalama pa Airtel Money kuchokera m'tauni, zinkafikira kwa abambo, amayi n'kungomva kuti zatha.

M'chaka cha 2022 amayi anagulitsa mbuzi nagula kafoni kawokawo. Tsopano amayamba afunsa mtengo wa mtedza ku Lilongwe asanagulitse kwa mavenda. Fizi yanga ya kuseminale amaisunga pa Mpamba, ndipo nambala yachinsinsi amaidziwa okha.

Komabe amayi anzawo ambiri satha kuwerenga uthenga wa pafoni, pamene ena amuna awo amawaletsa foniyo chifukwa cha nsanje. Inu makolo athu, mwana wamkazi mtumizeni kusukulu, ndipo foni musam'mane. Masiku ano wosunga foni ndiye wosunga chikwama.