Otchinga kumbuyo saimbiridwa nyimbo

Pa mpira wa miyendo, dzina limene anthu amapita nalo kunyumba ndi la womwetsa chigoli. Funsani munthu aliyense wa msinkhu wanga za Flames ya 1978 ndi 1979, imene inatenga chikho cha East and Central Africa kawiri motsatizana ikuphunzitsidwa ndi Ted Powell, muona kuti dzina loyamba kutuluka pakamwa pake ndi la Kinnah Phiri. Sindikutsutsa ayi, zigoli 71 zomwetsera dziko si masewera. Koma kumbuyo kwa Kinnah kunali amuna ena amene ntchito yawo inali yoonetsetsa kuti chinthu chisachitike, ndipo inu mukudziwa kuti chimene sichinachitike palibe amachiimbira nyimbo.

Chodabwitsa n'chakuti nsapato zikapachikidwa, anthu a kumbuyo omwewa ndi amene timakonda kuwapatsa timu kuti aiphunzitse. Malemu Jack Chamangwana ankatchinga kumbuyo ku Wanderers, mu 1986 anapita ku Kaizer Chiefs ya ku Johannesburg, ndipo sipanapite zaka zambiri eni timu anamukhulupirira mpaka kumupatsa ukochi. Pambuyo pake anaphunzitsa Flames, anakaphunzitsanso Yanga ku Dar es Salaam, nadzatisiya mu 2018. Young Chimodzi wa Silver Strikers anali wothandizira Kinnah pamene Flames inakwapula Algeria 3-0 ku Angola mu 2010, ndipo mu 2014 timuyo inali m'manja mwake. Meck Mwase ndi Patrick Mabedi nawonso ndi a kumbuyo. Ine ndimati chifukwa chake n'chosavuta. Wakutsogolo amaona golo lokha, pamene wakumbuyo amathera zaka zake zonse akuona bwalo lonse ndi zolakwa za anzake onse.

Awa ndi amene mayina awo analembedwa m'nyuzi. Ine ndikufuna ndikuuzeni za munthu wina amene anayenda njira yomweyi koma dzina lake silinatulukepo pa wailesi. Dzinalo ndilisunga, poti mwini wake ali moyo ndipo sakonda phokoso. Ife tinkangowatchula kuti Aphunzitsi, ngati kuti pasukulu ponse panalibenso ena.

Ndinakumana nawo m'zaka za m'ma 1980 pasukulu ina yapulayimale kufupi ndi nkhalango ya Ntchisi. Amene munafikako mukudziwa kuti dera limenelija malo athyathyathya ndi osowa. Bwalo lathu la mpira linali lotsetsereka, moti timu imene yaluza ndalama yoponya m'mwamba inkayamba ndi kutchinga golo la kumunsi, kumene mpira unkabwera ngati madzi a mvula otsika m'phiri. Aphunzitsi ena ankadandaula nalo bwalolo. Iwo ankati ndi mphatso, chifukwa mwana amene waphunzira kutchinga golo la kumunsi ku Ntchisi sangadzanjenjemere pabwalo losalala la m'tauni.

Anyamata tonse tinkafuna kuvala namba 9 kapena 10. Iwo ankasiyira mnzawo wina anyamata othamanga aja, n'kutenga ife otsala, aatali miyendo ndi olemera thupi, kupita nafe kuseri kwa kalasi ya Sitandade 8. Kumeneko ankatimanga m'chiuno ndi chingwe cha khonje anthu anayi, namba 2, 4, 5 ndi 3, n'kutiuza kuti tiyende. Mmodzi akatsalira, tonse tinkagwa chagada, fumbi koboo! Ndi mmene tinaphunzirira kuyenda pamzere umodzi ndi kusiya mdani pa ofusayidi. Mawu awo ndimawamvabe: "Iwe, usayang'ane miyendo yake, miyendo imanama. Yang'ana mpira. Usadziponye, mperekeze kumzere ngati ukuperekeza mlendo, akafika kumeneko njira imuthera yekha." Akatero ankamaliza ndi mwambi wawo wa tsiku ndi tsiku, woti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Panalinso lamulo lina: wakumbuyo wosalankhula ndi wakufa. Ine ndinali mwana wamanyazi, woti mlendo akafika pakhomo ndinkathawira kuseri kwa nkhokwe. Anandiika pa namba 5, wosesa kumbuyo kwa onse, n'kundiuza kuti tsiku limene sadzamva mawu anga ali kumzere ndidzakhala panja. Ntchito imene ndadyera moyo wanga wonse ndi yolankhula pamaso pa anthu, ndipo pakamwa panga panatsekukira pabwalo lotsetsereka lija.

Njira yawo inayenda chonchi. Anayamba ngati mphunzitsi wa T3, malipiro ochepa, nyumba yaudzu. Mpira sankalandira nawo kanthu, ngakhale wenzulo anagula ndi ndalama ya m'thumba mwawo. Nyengo yosoka fodya ikafika theka la timu linkasowa, iwo n'kumayenda khomo ndi khomo pa njinga kupempha makolo kuti abwereke ana awo kwa maola awiri okha. Atalemba mayeso okwezera maphunziro anawatumiza ku sukulu ya MCDE m'boma la Dowa, chakufupi ndi Mponela, zija zinadzasanduka ma CDSS kumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Ana a MCDE ankaonedwa ngati otsalira, osasankhidwa kupita ku sekondale yeniyeni. Koma timu ya ana otsalirawo inayamba kuvutitsa sukulu zogonera komweko zokhala ndi nsapato ndi yunifomu. Sinkamwetsa zigoli zambiri ayi, koma kuichinya kunali ngati kukumba chitsime pathanthwe.

Mbiri imeneyi ndiyo inawafikitsa ku koleji ina yophunzitsa aphunzitsi m'chigawo chapakati. Kumeneko timu inali kale ndi mwini wake, mkulu wina wa digiri, ndipo iwo anapatsidwa anyamata a kumbuyo ndi goloboyi. Sanaone ngati kuchepetsedwa. Ankati nyumba imayambira pa maziko, ndipo womanga maziko sajambulidwa chithunzi tsiku lotsegulira nyumba. Kunena zoona, zaka zimenezo ndi zimene ntchito yawo inabala zipatso zambiri, chifukwa aliyense amene anamumanga chingwe pakolejipo anali mphunzitsi wa mawa, wokatenga nzeruzo kupita nazo ku Madisi, ku Malomo, ku Mvera ndi kwina konse kumene boma likamutumize.

Kenaka kunabwera 1994. Boma latsopano linalengeza sukulu yaulere ya pulayimale, ana anakhamukira m'makalasi kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa 3 miliyoni, ndipo panalembedwa aphunzitsi zikwizikwi osaphunzira ntchito. Makoleji anayamba kuwaphunzitsa mothamanga, gulu ili miyezi yochepa, lituluke, lilowe lina. Zinali zofunika, sindikukana. Koma timu ya mpira simangidwa pa miyezi itatu. Aphunzitsi ankati akangomaliza kuphunzitsa anyamata kuyenda pamzere umodzi, m'mawa mwake anyamatawo akwera basi.

Nthawi imeneyo ndi imene timu ina ya m'tauni inawaitana kuti akakhale wothandizira kochi, woyang'anira kumbuyo. Akuluakulu a timuyo anabwera pa galimoto, nalonjeza nyumba, malipiro oposa a boma kawiri, ndi maphunziro a ukochi kunja. Zonsezi zinali zapakamwa, pepala panalibe. Mayi a kunyumba kwawo anakana, amvekere fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wamphepo. Koma munthu amene wathera zaka makumi awiri pamabwalo a fumbi, lero amuuze kuti akakhala pa benchi pa Civo Stadium, mtima ungakhale m'malo? Anasiya choko, penshoni isanakwane.

Chaka choyamba zinayenda. Chaka chachiwiri timu inayamba kufanana mphamvu ndi anzake kapena kugonja ndi chigoli chimodzi, chifukwa akutsogolo sankamwetsa. Masapota sawerenga kuti kumbuyo kwalowa zigoli zingati, amangoona kuti timu sikupambana. Loweruka lina anatchinga geti, ndipo Lolemba komiti inachotsa benchi yonse, kochi ndi omuthandiza omwe. Malipiro a miyezi inayi sanawaone mpaka lero. Anabwerera ku Ntchisi pa matola, katundu yense m'matumba awiri, n'kuyamba kulima soya ndi mtedza pamunda wa akazi awo.

Musaganize kuti izi zimagwera anthu osatchuka okha. Chimodzi ndi Chamangwana anachoka ku Flames mu 2015. Meck Mwase anapititsa Flames ku mpikisano wa Africa Cup of Nations atagonjetsa Uganda 1-0 mu March 2021, koma mpikisanowo usanayambe ku Cameroon anamuika pansi pa Mario Marinica, ndipo mu 2022 momwemo ntchito inatha. Komatu ku Cameroon komweko anyamata athu a kumbuyo anaimitsa Senegal ya Sadio Mané 0-0, timu imene inadzatenga chikhocho. Mabedi, amene anakhalapo kaputeni wa Kaizer Chiefs, anapatsidwa Flames mu 2023 n'kuchotsedwa mu 2024. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe: mwambi umenewu ukanayenera kulembedwa pa benchi iliyonse m'dziko muno.

Anzathu ku America ali ndi mpira wawo wina uja wogwira ndi manja, ndipo m'makoleji mwawo kuphunzitsa otchinga ndi udindo paokha, wokhala ndi makwerero ake. Nick Saban anayamba ngati wothandizira wamba pa yunivesite ya Kent State mu 1973, anadzakhala mkulu wa otchinga ku Michigan State, ndipo pamene ankapuma mu 2024 anali atatenga chikho cha makoleji a dziko lonse kasanu ndi kawiri, kamodzi ku LSU ndi kasanu ndi kamodzi ku Alabama. Kumenekonso makochi amachotsedwa, koma amachoka ndi zimene zinalembedwa pa pepala. Kwathu kuno makwerero alipo a ziphaso, za FAM ndi za CAF monga C, B ndi A, koma pansi pa makwererowo palibe udzu woti munthu akagwa agwerepo.

Nkhaniyi ndaikumbuka chifukwa cha mwana wa mlongo wanga. Mnyamatayu anamaliza dipuloma ya uphunzitsi, koma mtima wake uli pa ukochi, ndipo timu ina ya ligi yaing'ono ya m'chigawo chapakati inayamba kumunyengerera. Mayi ake anandiimbira foni usiku. "Achimwene, mbumba ndi yanu. Mwana uyu akufuna kutaya ntchito chifukwa cha chikopa. Mulankhuleni ndinu." Kwathu ku Dowa mawu a atsibweni salowa m'khutu limodzi n'kutulukira linalo, choncho ndinadziwa kuti chimene ndinene chikhoza kumanga kapena kupasula moyo wa munthu. Ndikamuletsa, mwina ndikupha Chamangwana wa mawa. Ndikamulola, mwina ndikumutumiza kukakwera matola ndi matumba awiri.

Ndinamutenga pa minibasi mpaka pa Mponela, n'kukhotera msewu wa ku Ntchisi. Aphunzitsi tinawapeza pakhonde akusenda mtedza, tsitsi lonse mbuu, maso atayamba kuchita nkhungu. Nditafotokoza chimene tadzera, sanayankhe msanga. Anafunsa mnyamatayo funso limodzi: "Mdzukulu wanga, ukamaonera mpira umayang'ana pati?" Iye anati, "Agogo, ine ndimayang'ana kumene kulibe mpira, chifukwa ngozi imachokera kumeneko." Nkhalamba ija inaseka mpaka kutsokomola, n'kunditembenukira. "Bambo, uyu musavutike naye, matendawa alibe mankhwala."

Kenaka anamulangiza, ndipo sanamuuze kuti asiye. Anati choko asachitaye, chifukwa timu ya sukulu ndiyo yokhayo imene komiti singakulande Lolemba m'mawa. Anati atenge ziphaso chimodzichimodzi pa tchuthi, kuti tsiku lina asadzakhale pansi pa munthu womuposa pepala lokha. Ndipo anati tsiku limene a galimoto adzabwere ndi malonjezo, adzawalandire bwino, adzawaphere nkhuku, koma asadzakwere galimotoyo asanaone siginecha. Nditawafunsa ngati amadandaula kuti anapita m'tauni, anati chimene chimawapweteka si ndalama zija ayi, koma kuti pamene ankabwerera anapeza bwalo lotsetsereka lija atalimapo chimanga.

Lero mnyamatayo akuphunzitsa masamu pa CDSS ina m'mapiri a Dowa. Lachiwiri ndi Lachinayi masana amakhala pabwalo, ndipo wayambitsanso timu ya atsikana, imene akuti ikumvera malangizo kuposa ya anyamata. Chiphaso choyamba anatenga, akusunga ndalama za chachiwiri. A timu ija anabweranso kawiri, iye anawapempha pepala, mpaka pano sanabwerenso.

Mlongo wanga sanakhutire kwenikweni. Tsiku lina ndinamupeza akusakasaka chingwe chomangira mbuzi, ndipo atamva kumene chinapita anangogwira m'chiuno. "Achimwene, ndinakutumani kuti mukazimitse moto, inu mwakasonkhezera. Tsono mbuzi yangayi ndiimange ndi chiphaso cha CAF?"