Chaka chimene likulu linasamuka

Mu 2007 Bwalo Lalikulu la Milandu linagamula pa mlandu wa Kafantayeni kuti n'kosemphana ndi malamulo aakulu a dziko lino kukakamiza woweruza kupereka chilango cha imfa kwa aliyense wopezeka wolakwa pa mlandu wakupha. Chigamulocho chinatsegula khomo loti akaidi amene ankadikira chingwe ku ndende ya Zomba amvedwenso, ndipo mu 2015 milanduyo inayamba kumvedwa. Koma woweruza sangachepetse chilango popanda umboni wa moyo wa munthuyo: anakula bwanji, ankadwala chiyani, anali ndi zaka zingati. Umboni wotere uli kumidzi, ndipo amene ankakautola anali ife othandiza maloya, amene ambiri amangotitchula kuti maparaligo.

Tsiku lina ndinatsika minibasi pa Songani, n'kukwera kabaza kulowera kumunsi kwa mtsinje wa Domasi, kumene kuli minda ya mpunga. Ndinkafuna mayi wa mkaidi wina amene anapha mnzake pa ndewu mu 1994. Ndinawapeza pakhonde akupeta. Titapatsana salamu anandiyalira mkeka, ndipo ndinawafotokozera chimene ndadzera.

Funso lalikulu linali la zaka. Mwana wawoyo analibe chikalata cha kubadwa, monga ambiri a msinkhu wake. Zikatero timawerengera zaka pa zochitika zimene anthu saiwala: njala, kusefukira kwa madzi, chisankho. Mayiwo sanachedwe kuyankha. Anati anabereka mwanayo chaka chimene boma linasamutsa likulu kuchoka ku Zomba kupita ku Lilongwe, pakuti amuna awo anatsala opanda ntchito mabwana atasamuka, iwo ali ndi khanda kumsana. Chimenecho ndi chaka cha 1975. Choncho mnyamatayo anapalamula ali ndi zaka pafupifupi 19.

Apa m'pamene mtima wanga unapotoka. Ndinkadziwa kuti lamulo sililola chilango cha imfa kwa munthu amene analakwa asanakwanitse zaka 18. Zaka ziwiri zokha zikanasintha mlandu wonse. Ndinatsitsa mawu n'kunena kuti, "Amayi, papita nthawi yaitali. Mwina munabereka patadutsa dzinja limodzi kapena awiri likulu litasamuka?"

Anaika lichero pansi n'kundiyang'ana nthawi ndithu. "Mwanangu," anatero, "mwati mawu amenewa ndikawalumbirira. Zaka makumi awiri ndakhala ndikupempha Allah kuti andibwezere mwana wanga. Ndiyambe lero kumunamizira? Lembani chimene ndanena."

Ndinachita manyazi. Ine amene ndinkaphunzitsa mboni kusiyanitsa zimene inaona ndi zimene inangomva, ine amene ndinkaziuza kuti kunena "sindikukumbukira" si tchimo, ndinali nditaika mawu anga m'kamwa mwa mboni. Ndinadziwanso choopsa chake. Loya wa boma akangopeza bodza limodzi, amagwetsa nalo zoona zonse zimene mboniyo yanena.

Ndinalemba 1975. Kenaka ndinachita chimene ndinayenera kuyamba nacho: kufunsa mafunso osalozera yankho, n'kukhala chete. Pang'onopang'ono zinatuluka zimene sindikanazipeka. Mwanayo ankagwa khunyu kuyambira ali wamng'ono, ndipo chipsera cha pamkono pake chinabwera atagwera pamoto. Anasiya sukulu ndi madrasa chifukwa anzake ankamuthawa. Mawa lake ndinakaonana ndi Ashehe a pamzikiti wa m'mudzimo, ndi nyakwawa, amene ananena kuti munda wake ulipo ndipo mudzi udzamulandira. Ndinapitanso kwa abale a malemu. Kumeneko sikunali kophweka. Mlongo wake wa malemuyo anati chilonda sichinapole, koma imfa ina siidzadzutsa m'bale wake. Ndinalemba mbali zonse ziwiri za mawu akewo monga anawanenera.

Chikalata chilichonse ndinkachiwerenga mokweza, m'Chiyao kwa amene Chichewa chinkawavuta, munthu asanadinde chala. Mayi aja ndinawafotokozera mmene bwalo limakhalira: pamene woweruza amakhala, amene adzawafunse mokoma ndi amene adzawapanikize. Zoti akanene sindinawauzenso.

Woweruza anamva zonse, anawerengera zaka zimene mkaidiyo anali atakhala kale m'ndende, ndipo anamulola kubwerera kwawo. Sindinganene kuti choonadi chimapambana m'bwalo nthawi zonse. Ndaona mboni zoona zikubwerera ndi misozi. Ngakhale zikanatha moipa, mayi aja akanakhalabe olondola, ine wolakwa.

Masiku ano ndikakhala pansi ndi mboni, ndimayamba ndayang'ana funso langa ngati labisa yankho m'kati. Likakhala lotero, ndimalimeza n'kufunsa lina.