Mbedza ikakodwa, dula chingwe

Mwana wanga,

Chiimbire foni Lamulungu lija, tulo sindikutiona. Unanena zambiri, za nyumba imene akupatsa pasukulupo, za kutentha kwa ku Nkhotakota, koma m'khutu mwanga munatsala chimodzi: chakuti aphunzitsi anzako akufuna kukutenga ku Bua kukawedza mpasa. Unanena ukuseka. Ine nditadula foni ndinakhala pakhonde mpaka amayi ako anabwera kudzandifunsa ngati kwagwa zovuta.

Ukudziwa chimene chikundidya. Msuweni wako, mwana wa azakhali ako a ku Salima, sanali chidakwa, sanalinso mlendo pamtsinje. Mbedza yake inakodwa pamuzu dzuwa likulowa, iye n'kupinda buluku, n'kulowa m'madzi ofika m'ntchafu kuti akaiwonjole. Mbedza imodzi, ya ndalama yosakwana kugula sopo. Ng'ona inamugwira, anzake anachita kuilanda ndi mitengo. Ndinakamuona kuchipatala atamudula mwendo pamwamba pa bondo, ndipo pansi pa bedi panali nsapato imodzi imene mkazi wake anabwera nayo. Nsapato ija imandibwererabe m'maso. Ndiye ngakhale uiwale zonse za m'kalata muno, ichi chokha usunge: mbedza ikakodwa, dula chingwe.

Sindikukuletsa kuwedza. Ndingakuletse bwanji ine amene ndinakulira m'mbali mwa Linthipe, ndikunyamulira agogo ako miono? Mpasa ndi nsomba ya m'nyanja yathuyi ndi mitsinje yake basi, kwina kulibe. Amakulira kunyanja akudya usipa, kenako amakwera mitsinje ngati Bua, Linthipe ndi North Rukuru kukaikira mazira pa nsangalabwi, m'madzi osaya othamanga. N'chifukwa chake azungu amamutcha salmon wa m'nyanja, pomufanizira ndi nsomba yakwawo imene imakweranso mitsinje. Mvula ikatha, madzi akayera, m'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi, ife tinkawaona ndi maso akuphiriphitha pamiyala. Tsiku limene ndinakola wanga woyamba ndinathamanga naye mpaka kumudzi osavala malaya, agogo ako aakazi akululutira ngati ndabweretsa mkazi. Ndikufuna nawenso udzamve kukoka kwa nsomba imeneyo m'manja. Koma udzamve uli pamtunda.

Nyambo yake ndi kansomba kakang'ono, kapena kasupuni konyezimira kaja ngati anzakowo ali ndi ndodo za wilo. Usaponye pakati pa dziwe lodikha. Funa pamene madzi othamanga akutsikira m'dziwe, uponye chakumtunda pang'ono, madziwo aitenge okha nyambo kupita nayo pamene iye wadikirira. Amaona kwambiri, choncho malaya oyera aja usiye kunyumba, ndipo chithunzithunzi chako chisagwere pamadzi. Akadya amathawa ndi liwiro, ndipo munthu woyamba kumene amakoka mwaphuma mpaka chingwe kuduka. Iwe imika ndodo m'mwamba, umusiye athamange, atope, kenako uzimubweza pang'onopang'ono.

Apa ndi pamene mtima wanga ukuthamanga. Nsomba ikafika m'mphepete, munthu amaiwala zonse, amagwada n'kutambasulira dzanja m'madzi. Usatero, mwana wanga. Bwerera cham'mbuyo, uikokere pamchenga kapena pathanthwe, ndiye uigwire. Nsomba yophupha ndi belu loitanira ng'ona. Ndipo usamaime pamalo amodzimodzi nthawi imodzimodzi tsiku ndi tsiku, pakuti chilombocho chimaphunzira mayendedwe a munthu. Msuweni wako ankakonda pamtengo womwe uja madzulo alionse, aliyense ankadziwa, nayonso inkadziwa. Dzuwa likapendeka, pinda zingwe uzipita, ngakhale anzako akuseke kuti ndiwe wamantha.

M'nkhalango ya nyama ya ku Nkhotakota usalowemo popanda chilolezo. A African Parks akuyang'anira malowo kuyambira 2015, ndipo mu 2016 ndi 2017 anatsitsiramo njovu pafupifupi 500 zochokera ku Liwonde ndi ku Majete. Katupe ndi neti ya udzudzu usakhudze n'komwe. Mpasa wachepa kale chifukwa cha mabiyo otseka mtsinje wonse, mankhwala, ndi dothi lokokoloka m'minda limene likukwirira nsangalabwi zoikirapo mazira. Ukakola wamkazi wamimba yodzaza, mubwezere.

Tsopano zokonza. Mumenye pamutu afe msanga, koma usamutumbulire pamtsinje. Wamva? Magazi ndi matumbo otayira m'madzi ndi zomwezo zimene ndikukuuzazi. Mukulunge m'masamba aawisi, upite naye kunyumba, ukakonzere m'beseni. Pala mamba, ng'amba pamimba mpeni utaloza kumwamba kuti usaboole ndulu, apo ayi nsomba yonse iwawa. Chotsa zofiira zija za m'mutu, ndipo magazi akuda ogona m'mbali mwa fupa lamsana uwakokote ndi chala, chifukwa kununkha kumayambira pamenepo. Ngati ndi wodya tsiku lomwelo, tomato, anyezi, mchere ndi madzi pang'ono zakwana, mafuta ali nawo ake. Wosunga umung'ambe kumsana atambasuke, umuwaze mchere, ayambe wadontha madzi, kenako umuwambe pawaya pamoto wa makala ndi utsi, osati wa malawi. Mafuta ake akamadonthera pamoto amabutsa malawi, ndiye usamusiye n'kupita kukacheza, monga unkachitira ndi chimanga chootcha uli mwana. Minga ali nayo yambiri ing'onoing'ono, ndipo iwe umadya ngati akukuthamangitsa. Amayi ako akuti ndikuuze kuti uzidya kukuwala.

Ndalama uzisunga. Kutchalitchi usaleke. Uzigona m'neti, udzudzu wa kunyanja si wa kuno ku Dedza.

Kuno tili bwino. Chimanga talowetsa m'nkhokwe, mbuzi yakuda ija yaswa awiri, mlongo wako akuwerengera mayeso a MSCE, agogo mwendo ukuwavutabe. Azakhali ako anabwera sabata yatha kudzapempha thandizo la ndodo zoyendera za msuweni wakoyo. Sanakhalitse. Potuluka anaona nsapato zako zakale zija pakhomo, n'kuima kaye, osanena kanthu.

Pokuperekeza kudepoti ndinakuuza kuti mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, ndipo ndinanena ndi mtima wonse, pakuti ndinanyadira kukuona ukupita kukagwira ntchito yako. Lero mwambi womwewo ndikaukumbukira thupi limachita tsembwe. Ndinakunyamula pamapewa kukuolotsa Linthipe uli ndi zaka 4, ukundigwira makutu. Lero sindingakunyamule, ndili kutali, ndipo mphamvu zija zinatha.

Ndatumiza mbedza 20 ndi mpukutu wa chingwe kudzera kwa mnyamata wa minibasi uja, kuti usadzanene kuti inali yomaliza. Zikatha undiuze, ndigula zina, ndigulitsa ngakhale mbuzi. Chonde, mwana wanga, ndagwira mwendo wako, usaponde m'madzi a Bua, ngakhale ofika m'kakolo. Ikakodwa dula. Nsomba ikapulumuka ileke ipite. Ndipo tsiku limene mupite kumtsinjeko, ukangofika kunyumba undiimbire, ngakhale kungoflasha. Ine ndidzakhala pakhonde, foni ili m'manja.

Ndine bambo ako.