Mapointi anayi a ku Cairo

Hositelo yathu ili zii sabata ino. Anzathu anapita kwawo kukadya tchuthi, tatsala ndife a sapu, ndipo tikakumana m'khonde timangopatsana moni wa m'maso, aliyense n'kulowa kwake. Usiku tulo sitibwera, choncho bandulo yanga imathera pa YouTube. Kumeneko ndi komwe ndinakumana ndi masewero a squash omwe anachitika ku Cairo mu Disembala 2014, ndipo kunena zoona ndawaonera kambiri kuposa momwe ndatsegulira manotsi.

Ambiri a ife squash timangoimva, mwina kuona chitseko chake ku makalabu a m'tauni komwe sitilowako. Amasewera anthu awiri m'chipinda cha makoma anayi, chotalika mamita 9.75, m'lifupi mamita 6.4. Amasinthana kumenyetsa kampira ka labala kukhoma lakutsogolo, ndipo kakadumpha pansi kawiri usanakabweze, pointi yapita kwa mnzako. M'munsi mwa khomalo muli kachigawo komwe amati tin. Mpira ukagunda pamenepo, watayanso. Chigawo chimodzi chimatha wina akafika pa 11, koma mukafanana 10-10 mumapitiriza mpaka wina atsogole ndi mapointi awiri. Woyamba kutenga zigawo zitatu ndiye wapambana. Chomwe chinandidabwitsa ine n'choti palibe ukonde wokulekanitsani ngati pa tenisi. Mdani wako ali pambali pako penipeni, mukupanirana malo amodzi, ukumva kupuma kwake, iyenso akumva kwako.

Tsiku limenelo inali ndime yomaliza ya mpikisano wa dziko lonse wa amayi. Mbali ina kunali Nicol David wa ku Malaysia, wa zaka 31, yemwe anali atatenga kale chikhochi kasanu ndi kawiri ndipo anali nambala wani padziko lonse chiyambire Ogasiti 2006 osatsikapo. Mbali inayi kunali Raneem El Welily, wa zaka 25, wobadwira ku Alexandria, akusewera kwawo pamaso pa anthu akwawo. Panthawiyo panalibe mayi wa ku Egypt amene anatengapo chikho chimenechi.

Raneem anatenga chigawo choyamba 11-5. Nicol anabweza 11-8. Raneem anatenganso chachitatu 11-7, ndipo m'chigawo chachinayi anafika pa 10-6. Taganizani kaye pamenepa. Pointi imodzi yokha, ndipo mwayi woitenga unalipo kanayi. Akanatha kulakwitsa katatu konse n'kukhalabe katswiri wa dziko lonse. Anthu akanaimirira, dzina lake likanalembedwa poyambirira penipeni pa amayi a dziko lake.

Zinafika pa 10-7. Kenako 10-8, 10-9, 10-10. Analimbana mpaka 12-12, Nicol n'kutenga chigawocho 14-12. Chachisanu Nicol anachitenga 11-5, n'kunyamula chikho chake chachisanu ndi chitatu.

Nkhaniyi anthu amaikamba ngati ya Nicol, ndipo sindikuwatsutsa. Kupulumuka kanayi motsatizana, m'dziko la eni, ochemerera onse akufuna kuti ugwe, si zamwayi. Koma ine maso anga amakakamira pa winayo, makamaka pa kanthawi kopuma pakati pa chigawo chachinayi ndi chachisanu. Ndi kochepa kwambiri, sikapitirira mphindi ziwiri. Umatuluka, kumwa madzi, kupukuta thukuta, kumva mawu awiri atatu a wokuphunzitsa, basi akuitana. Ubwerere m'chipinda chomwe chija, ndi munthu yemwe uja, mapointi ayambirenso pa 0-0. Palibe nthawi yolira kapena yodzifunsa kuti zakhala bwanji. Chinthu chimene chinali m'manja mwako mphindi zisanu zapitazo uyenera kuchiyambanso kuchifunafuna, miyendo italema, mutu ukubwerezabe 10-6.

Chifukwa chake nkhaniyi yandigwira ndi ichi. Pa kosi yomwe ndikulembera sapu, ntchito za mkati mwa semesita zimatenga malikisi 40, mayeso omaliza 60. Ine ndinali ndi 31 pa 40. Kuti ndikhoze pankafunika 50, ndiye ndinachotsera n'kupeza kuti ndikungofuna 19 pa 60. Masamu amenewa ndinawalemba kuseri kwa kope, n'kuwazunguliza mzere. Ndinasankha mitu itatu yomwe ndinkaganiza kuti ibwera, yotsalayo n'kuisiya, nthawi yanga n'kuipereka ku makosi ena omwe ndinkawaopa. Amayi atandiimbira kufunsa za mayeso ndinawauza kuti imeneyi yokha musade nayo nkhawa, yatha kale.

Pa mitu itatu ija panabwera umodzi. Ndipo ngakhale umenewo, nditaona kuti mafunso enawo ndi achilendo, dzanja linayamba kunjenjemera, ndinalemba zinthu zomwe ndikazikumbukira pano ndimafuna kubisa nkhope. Ndinapeza 17. Zonse pamodzi 48.

Apa ndiyenera kusamala, chifukwa kudziyerekeza ndi Raneem n'kumunyoza. Iye sanachite ulesi. Anagonja kwa munthu amene anakhala pamwamba pa masewerowa zaka zoposa zisanu ndi zitatu, ndipo kuti afike pa 10-6 paja anali atamuposa munthu ameneyo kwa zigawo pafupifupi zinayi. Ine mdani wanga anali masamu anga omwe kuseri kwa kope. Palibe mphunzitsi amene anandipondereza, mafunso onse anachokera m'zomwe tinaphunzira. Tikufanana pamodzi pokha: tonse tinaitanidwa kubwerera m'chipinda mtima usanapole. Sapu ndi chigawo chachisanu. Malikisi 31 aja sakundithandizanso, ndipo ndikalephera ndiye kuti kosiyi ndiibwereza chaka chamawa, anzanga akuvala magauni.

Tili ndi chizolowezi, ife ophunzira, chokonda nkhani zomwe wogwa amadzuka nthawi yomweyo. Timaziika pa sitetasi ya WhatsApp ndi kanyimbo kolimbikitsa pansi pake. N'chifukwa chake 11-5 ya chigawo chachisanu ija ndimaikhulupirira kuposa mawu onse olimbikitsa omwe anzanga anditumizira sabata ino. Munthu wa luso lotero, wokonzeka motero, anabwerera m'bwalo n'kugonjanso, ndipo mosavuta kuposa poyamba. Zimachitika. Wondiuza kuti sapu ndi mwayi wachiwiri chabe, ungolimba mtima, sanakhalepo m'hositelo yopanda anthu akuwerenga mitu yomwe anaithawa.

Pali china chomwe ndinachipeza nditafufuza za Nicol. Miyezi isanu ndi inayi m'mbuyo mwake, mu Malichi 2014, mpikisano womwewu unachitikira ku Penang, kwawo kwenikweni komwe anabadwira. Aliyense ankayembekezera kuti chikho chitsala pakhomo. Anagonja mu semifainolo kwa mtsikana wa zaka 18 wa ku Egypt, Nour El Sherbini, ndipo chikhocho chinapita kwa Laura Massaro wa ku England. Ndiye kuti mayi amene anaima pa 6-10 ku Cairo osagwedezeka uja anali atalawa kale kugwa pamaso pa abale ake chaka chomwecho. M'chipinda chija munali anthu awiri, wina akudziwa kale kuwawa kwake, wina akukuphunzira pompo.

M'maganizo mwanga, kusewera kwanu n'kolemera kuposa momwe timanenera. Timati ochemerera amapereka mphamvu, ndipo n'zoona, koma amaperekanso ngongole. Aliyense wokuombera m'manja wakukongoza chimwemwe chomwe uyenera kubweza. Ife amene tinali oyamba pabanja kufika ku yunivesite timaidziwa ngongole imeneyi. Ukapita kumudzi amalume amakutchula kale ndi dzina la ntchito yomwe sunaipeze, azimayi a kutchalitchi amauza ana awo kuti azitengera iwe. Sakulakwa, akukondwa nawe. Koma ukakhala m'chipinda cha mayeso funso likakukanika, onsewo umawaona atakhala kumbuyo kwa galasi.

Za Raneem sizinathere ku Cairo. Mu Seputembala 2015 anakhala nambala wani padziko lonse, kuchotsa Nicol yemwe uja pampando umene anakhalapo miyezi 109 motsatizana. Koma chikho cha dziko lonse chinamuzembabe. Mu Epulo 2016 ku Kuala Lumpur anachitenga ndi Nour El Sherbini, ali ndi zaka 20, nayenso wa ku Alexandria, ndipo ndi iyeyo amene analembedwa kuti mayi woyamba wa ku Egypt kutenga chikhochi. Mu Epulo 2017 Raneem anafikanso mu ndime yomaliza, ku El Gouna, kwawonso, n'kugonja kwa Nour. Anadzachitenga mu Disembala 2017 ku Manchester, kutali ndi kwawo, atagonjetsa Nour yemweyo. Chigawo choyamba anachitaya 3-11, chachiwiri anachilanda movutikira 12-10, kenako 11-7, n'kumaliza ndi 11-5. Zaka zitatu zathunthu kuchokera pa 10-6 paja. Anasiya kusewera mu Juni 2020 ali nambala wani, ndipo mwamuna wake Tarek Momen anali atatenga chikho cha abambo chaka cha 2019.

Wina anena kuti ndiye zinatha bwino. Zinathadi bwino, koma si zonse zinabwerera. Dzina loti woyamba lija linapita kwa wina ndipo silidzabwera. Chikho chotengera pakhomo, pamaso pa anthu ake, sanachitengepo. Chomwe anachipeza ku Manchester chinali chachikulu, koma chinali china, osati chomwe chinamupulumuka ku Cairo. Inenso ndikakhoza sapuyi, pa pepala langa padzalembedwa malikisi ongokhozera basi, ngakhale nditalemba bwino chotani, chifukwa lamulo lake ndi lotero. Avereji yomwe ndinkaisamala zaka zitatu yatsika kale.

Chomwe ndinkachiopa kwambiri si mayeso. Sabata yonseyi amayi ankadziwa kuti ndatsalira kusukulu chifukwa cha kafukufuku wa chaka chomaliza. Bodza limenelo ndinalikonza bwino, lili ndi mutu wake ndi dzina la buku. Dzulo usiku, nditaoneranso chigawo chachinayi chija, ndinawaimbira.

Ndinafotokoza zonse, za 31, za 19, za mitu itatu. Anakhala chete kanthawi, moti ndinayang'ana foni kuona ngati yaduka. Kenako anati, "Ndiye iwe unkati yatha kale."

"Eya amayi, ndinatero."

"Mayeso enawo ndi liti?"

"Lachiwiri m'mawa."

"Nanga ukudya chiyani kumeneko, poti anzako anapita?"

Ndinawauza kuti ndiwo zilipo koma ufa watsala pang'ono. Anati atumiza kathumba pa minibasi Loweruka, ndikakadikire ku depoti, ndipo za sapuzi bambo awauza okha nthawi yake ikakwana. Mitu yomwe ndinaisiya ilipo isanu. Pofika usiku uno ndamaliza iwiri.