Ana a ku Mbulumbuzi amudziwe Joseph Kamwendo

Dzuwa likapendeka ku Mbulumbuzi, m'boma la Chiradzulu, anyamata amaunjika timiyala kukhala magolo n'kuyamba kuthamangitsa mpira wachikulunga, fumbi lili koboo. Aliyense amafuna kukhala womwetsa zigoli. Pakati amakankhirapo mnzawo wamng'ono thupi, osadziwa kuti malo amenewa ndi amene anatchukitsa Joseph Kamwendo.

Nayenso sanali wamsinkhu, koma mpira ukafika paphazi pake umamumvera. Atachoka ku Wanderers ya ku Blantyre anapita ku CAPS United ya ku Harare, ndipo mu 2005 anasankhidwa kukhala katswiri woposa onse mu ligi ya Zimbabwe, ulemu umene mlendo anali asanaulandirepo. Kenako anasewera ku Nordsjælland ya ku Denmark, Orlando Pirates ya ku South Africa, Liga Muçulmana ya ku Maputo ndi TP Mazembe ya ku Lubumbashi. Atabwerera kwawo anatenga ligi ndi Wanderers mu 2017.

Timu ya dziko ya Flames anaisewerera masewero opitirira 100. Anali m'gulu la mphunzitsi Kinnah Phiri limene linapita ku mpikisano wa mayiko a mu Africa ku Angola mu 2010, komwe Malawi inathambitsa Algeria 3-0 ku Luanda.

Aphunzitsi a masewero m'sukulu za ku Namadzi, Namitambo ndi Nguludi, mwana wamng'ono uja amene amayamba wadzutsa mutu asanapatsire mnzake mpira, muyang'anitsitseni. Musamusiye panja chifukwa cha msinkhu.