Kalata kwa mphwanga: za gudumu lakumbuyo lija

Wokondedwa mphwanga,

 Kuno ku Joni tilipo, tikulimbana nazo. Uthenga wako ndaumva, woti njinga ikulira kumbuyo, buleki ukaponda ikuchita kufika pansi, ndipo makaniko ali ku Boma pamene iwe uli mkati mwa minda ya tiyi. Ndati ndilembe kalata yeniyeni yoti uziwerenga uli pambali pa njingayo, chifukwa pa foni timangothamangitsana ndi mayunitsi.

Usadabwe nazo. Kuyambira Disembala mpaka Epulo, pamene tiyi amaphuka kwambiri ndipo okwera amachuluka, ndi nthawi yomwenso misewu ya m'maesiteti imakhala matope a katondo okhaokha. Matopewo akalowa m'dilamu ya buleki amauma n'kumadya mashuzi ngati sandipepala, ena amamatirira pa tcheni n'kumatha mano a sipuloketi. Njinga ya kabaza yozungulira ku Satemwa, ku Conforzi ndi ku Naming'omba singafanane ndi yoyenda pa tala ku Limbe. Gudumu lake lakumbuyo limafunika kumalichotsa n'kuliona mkati, ndipo ntchito imeneyi ungaithe wekha pakhonde pa amayi.

Sankha tsiku lopuma, injini itazizira. Yala thumba la feteleza pansi kuti uziikapo tizitsulo motsatana ndi mmene ukutichotsera. Njinga matayala ali pansi, zula ndi pulayazi kapini kotsekera nati yaikulu ya ekiselo, ndipo natiyo uimasule pang'ono chabe. Kenako imika njinga pa sitandi yapakati, pouma ndi polimba. Tayala likamakhudzabe pansi, ika thabwa kunsi kwa sitandiyo. Masula nati ya kumapeto kwa kandodo ka buleki, osataya sipuling'i yake, ndiponso bawuti ya kachitsulo komwe kamagwira chivundikiro cha dilamu kuti chisazungulire. Masulanso timanati tokungira tcheni mbali zonse ziwiri, ukankhire gudumu kutsogolo, tcheni ivuke. Pa njinga zina sipuloketi imatsalira pomwepo, tcheni osaikhudza n'komwe, choncho yamba wayang'ana yakoyo.

Ekiselo ikakakamira, chonde usaimenye ndi hamala pa mazinga ake. Tsamiza kamtengo n'kugogoda pang'onopang'ono. Ikamatuluka pagwa kachitsulo kobowoka kaja amati sipesa. Maso ako akhale pamenepo, udziwe mbali imene kachokera, chifukwa kakabwerera molakwika gudumu limayenda chopendama kapena kumangika.

Apa ndiye pali nkhani yonse, mphwanga. Tsegula dilamu uone mashuzi. Ngati pogwirira pake patsala pochepera mamilimita 2, gula atsopano onse awiri, usati "ayendebe mwezi uno". Fumbi la m'menemo usaliuzire ndi pakamwa, si labwino ku mapapo, ungopukuta ndi kansalu konyowa. Ulowetse chala m'mabeling'i uzungulitse. Akamamveka ngati muli mchenga kapena akamagwedera, atha, ndipo mwina kulira ukukumvako kukuchokera pomwepo. Kuseri kwa sipuloketi kuli malabala, aja amachititsa kuti njinga isamagwedezeke mwadzidzidzi ukamanyamuka. Akaphwanyika uwasinthe, ndi otchipa. Girizi upake pang'ono pa ekiselo basi. Dontho limodzi lokha likafika pa mashuzi, buleki yathera pomwepo.

Pobwezera, tcheni usaikunge mpaka kuuma gwa. Ukaikankha ndi chala pakati izisewera masentimita awiri kapena atatu, ndipo uyesenso munthu atakhala pa mpando, poti katundu akalemera imakungika yokha. Timizere ta pokungira tcheni ta mbali zonse ziwiri tifanane. Manga nati yaikulu zolimba, uike kapini katsopano. Msomali wopinda ayi. Kachitsulo kogwira dilamu kaja usakaiwale, anthu ambiri amagwera pamenepo. Ukamaliza uyambe wayesa buleki pabwalo uli wekha. Mtima wanga sukhala m'malo ndikaganiza za zitsetso za njira ya ku Makwasa, iwe utanyamula wodwala wopita ku Malamulo, kapena mayi ndi dengu lake la kabichi wa ku Bvumbwe, kunja kukuwaza mvula. Anthu amenewo amakwera atakukhulupirira, ndipo amayi amakudikira madzulo aliwonse.

Uwerenge mano a masipuloketi onse awiri, uonenso nambala yodindidwa pa tcheni, nthawi zambiri imakhala 428. Unditumizire zimenezo pa WhatsApp pamodzi ndi chithunzi cha mashuzi akalewo, kuti kutha kwa mwezi ndigule zoyenera ndipatsire anyamata onyamula katundu opita ku Blantyre. Chipewa chachiwiri cha wokwera ndiikamonso.

Upereke moni kwa amayi, alamu ndi ana onse. Uwauze amayi kuti tiyi amene ananditumizira uja ndikumwabe.

Ndine mkulu wako,
ku Johannesburg