Kodi Ampulifaya Yodula Isunga Nthawi?

Ku Buchi mu Kitwe, mzinda umene unabala gulu loimba la Amanaz mu 1973, ndamva okonda nyimbo akunena kuti ampulifaya yodula iposa yotsika mtengo cifukwa isunga nthawi: ati kulira kwa ng'oma kufika pa sipika kosacedwa. Ine ndikana, ndipo mipingo ya kumidzi imene isonkha ndalama za cimanga kuti igule makina otere imve cifukwa cake.

Mau ayenda m'mphepo mamita 340 pa sekondi. Nonse munaonapo munthu akudula mtengo kutsidya kwa dambo: nkhwangwa igwa, kugunda kwake kubwera pambuyo. Koma magetsi a m'ampulifaya, ngakhale yotsika mtengo, acedwa ndi timagawo towerengeka cabe ta sekondi yogawidwa pa 1,000,000. Mukasendeza mutu sentimita imodzi, mwacedwetsa kale mau ndi timagawo totere pafupifupi 30, kuposa makinawo. Zoonadi makutu athu ndi ocenjera: azindikira kusiyana kwa timagawo 10 pakati pa khutu lamanja ndi lamanzere, ndiwo mwai wa mbusa pofuna ng'ombe yolira m'thengo. Komatu ampulifaya icedwetsa mbali zonse ziwiri mofanana.

Kucedwa kumene kumveka ndithu kucokera ku kaikidwe ka masipika. Imodzi ikatalikira kwa inu mamita 17 kuposa inzake, mau ake afika mocedwa ndi gawo limodzi la magawo 20 a sekondi, ndipo mlaliki amveka ngati anthu awiri olimbirana mau. Kukonza zimenezi kufuna cingwe coyezera ndi anyamata awiri onyamula.